Makalata ndikutumiza koma olemba ntchito ali zii, wopanga mapulogalamu aoneke bwanji pakati pa anzake?

Mbatatesi_Dev
Akuluakulu ndi anzanga nonse pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Ndinamaliza digiri ya zamakompyuta ndipo pano ndili kwathu ku Bembeke. Ntchito ya software developer ikangotuluka, kaya m'nyuzipepala, pa LinkedIn kapena m'magulu a WhatsApp, kalata ndi CV ndimatumiza tsiku lomwelo. Yankho palibe, ngakhale lija lakuti pepani simunachite mwayi. PHP ndi Laravel ndimazidziwa, Java, MySQL, React pang'ono. Masatifiketi a pa intaneti ndili nawo angapo. Anzanga ena a m'kalasi anayamba kale ntchito ku Lilongwe, chonsecho pa mayeso ndinkawaposa. Inu amene mumalemba anthu ntchito, kapena amene mwalembedwa kumene, kwenikweni chimayang'anidwa n'chiyani? Kapena vuto ndi keyala ya ku Dedza?

Box48
Keyala ilibe mlandu amwene. Vuto mulibe malume m'tauni. Ntchito zambiri zimalengezedwa mwini wake atapezeka kale, inu mumangokathandiza kudzaza faelo.

Golomoti_Boy
A Box48 afika ndi uthenga wachilimbikitso ngati mwa nthawi zonse 😂

MkuluWaSeva
@Mbatatesi_Dev tisanapite patali, pa CV yanuyo munalembapo mapulojekiti ati?

Mbatatesi_Dev
Library management system ya chaka chomaliza, hostel booking, ndi sitolo ya pa intaneti yomwe ndinapanga ndi React.

MkuluWaSeva
Ndimayembekezera zomwezo. Musakhumudwe mng'ono wanga, mungomvetsera. Kwathu ndi ku Linthipe koma ndimagwira ntchito ku Lilongwe, ndipo tikafuna munthu watsopano, mulu wa ma CV umayamba wadutsa pa tebulo langa abwana asanauone. A ku MUBAS, UNIMA, MUST, Mzuni, NACIT, onse amalemba zofanana: library, hostel, sitolo yogulitsa nsapato zomwe kulibe. Pofika pakati pa muluwo sindikumbukanso kuti uyu ndi uti. Sindikunena kuti anawa ndi mbuli. Koma pulojekiti yomwe munapangira malikisi siindiuza ngati mungasamale chinthu chomwe anthu akuchidalira pa ndalama zawo kapena pa moyo wawo.

Ine ndimasaka link basi. Ikapezeka ndimaitsegula pa foni, osati pa laputopu, chifukwa makasitomala athu ali pa mafoni otchipa. Ma link ambiri amakhala akufa. Ena akulozabe ku Heroku, kampani yosungira mapulogalamu pa intaneti, pomwe Heroku inathetsa zaulere mu Novembala 2022, kusonyeza kuti mwini wake sanadinepo link yakeyo kuchokera nthawi imeneyo. Ikatseguka ndimapita pa GitHub, malo a pa intaneti omwe opanga mapulogalamu amasungirako code yawo. Ndimawerenga README, faelo yofotokoza pulojekiti, kuti ndione ngati munthu angandiuze kuti chinthuchi n'cha ndani ndipo ndichidzutse bwanji pa makina anga. Kenako mbiri ya ma commit, kutanthauza nthawi iliyonse yomwe munthu anasunga mu Git zomwe wasintha pa code yake. Ndikapeza commit imodzi yokha ya mafaelo onse, ndimadziwa kuti mwina zinakoperedwa, kapena Git simuigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, ndipo zonse ziwirizi zindivutitsa mukabwera. Choopsa kwambiri ndi faelo ya .env, yosunga zinsinsi za pulogalamu, ili pambalambanda, password ya database aliyense akuiona. Imeneyo ndiye ndimatseka pomwepo.

Malangizo anga ndi amodzi. Siyani kuwonjezera masatifiketi kaye. Pezani anthu enieni komwe muliko, ngakhale akhale ochepa, muwapangire kanthu kakang'ono komwe azikagwiritsa ntchito sabata ndi sabata, kazionongeka inu n'kumakonza. Pa CV padzakhale mzere wonena kuti ndani akukagwiritsa ntchito ndipo kanasintha chiyani. Munthu wotero ndimamuitana ngakhale magiredi ake akhale apakatikati.

Mbatatesi_Dev
Ndamva akulu. Koma ku Bembeke kuno ndimupangira ndani? Makampani kulibe.

NaNgozo_Lizulu
Makampani kulibe koma makope alipo achimwene. Paliponse pomwe munthu akulemba ndalama m'kope ndi bolopeni pali pulojekiti. Ine inandilowetsa ntchito ndi banki m'khonde ya amayi anga kuno ku Lizulu. Gulu lawo ndi la amayi ogulitsa tomato ndi kabichi pamsika, ndipo chaka chilichonse pogawana mu Disembala pamabuka mkangano: uyu akuti masheya anga ndi ochuluka, uyo akuti chiwongola dzanja ndinabweza, kope linanyowa ndi mvula masamba ena sakuoneka. Ndinawapangira kapulogalamu ka pa Android. Maonekedwe ake si oti n'kunyadira, koma kamagwira.

Pa intaviyu sanandifunse tanthauzo la polymorphism. Nthawi yonse inathera pa kapulogalamuko. Anafunsa kuti n'chifukwa chiyani kamasunga zonse mu SQLite, database yokhala m'foni momwemo, m'malo mopita pa seva. Ndinawauza kuti ku Lizulu msewu wa M1 ndiwo malire, tsidya linalo ndi Mozambique, ndipo foni nthawi zina imathawira pa netiweki ya kumeneko. Msonkhano wa gulu sungaime kudikira intaneti. Anafunsa kuti nanga mlembi ndi msungichuma akalemba zosiyana pa mafoni awiri, foni zikakumana ndi seva wopambana ndani? Pamenepo ndiye tinakhalitsa, chifukwa yankho langa linali lakuti palibe chofufutidwa, kulemba kulikonse kumakhala mzere watsopano wokhala ndi nthawi ndi dzina la wolemba, ndipo zosemphana zimaonekera poyera kuti gulu ligamule lokha. Anafunsanso za ndalama. Ndimasunga matambala ngati integer (nambala yathunthu), osati makwacha ngati float (nambala ya madesimali), chifukwa float ukaiphatikiza kambirimbiri imasiya tizidutswa, ndipo tsiku logawana mayi wa tomato sangakukhululukire ngakhale K50.

Mayankho amenewa simungawaloweze pa YouTube. Amabwera chifukwa amayi akuimbira foni Lamlungu madzulo kuti chinthu chako chija chikukana.

Golomoti_Boy
Achemwali, ndiye amayiwo anakulipirani kapena munadya tomato yekha?

NaNgozo_Lizulu
Bandulo amandigulira mpaka pano. Inu mwapangira ndani chiyani?

Golomoti_Boy
Ndatuluka kaye 🏃

Box48
Nkhani yokoma, koma tisanamizane. A NaNgozo, CV yanuyo inafika bwanji pa tebulo la abwanawo? Palibe anakunong'onezani?

NaNgozo_Lizulu
Alipo. Mtsikana wina yemwe ndinakumana naye pa maphunziro ku mHub, malo okumanirana a zaukadaulo ku Lilongwe, anaona kapulogalamuko pa foni yanga, patapita miyezi anandiuza kuti kwawo akufuna munthu.

Box48
Mwaona? Ndimanena zomwezo ine.

MkuluWaSeva
A Box48 simukunama kwathunthu. Zokondera zilipo, ndaziona, ndipo malo ena ngakhale mutanyamula code yokoma bwanji simungalowe. Koma zomwe anena achemwaliwa ndi zina. Ine ndikatchula munthu kwa abwana, dzina langa ndi lomwe ndaika pachiswe. Akakalephera, amene adzagone mu ofesi kukonza ndine. Ndiye sinditchula mwana wa mlongo wanga chifukwa ndi mwana wa mlongo wanga, ndimatchula amene ntchito yake ndinaiona ndi maso. Mtsikana wa ku mHub uja sanali m'bale wawo. Anaona chinthu chikugwira.

Kuchokera pa Dedza boma kukafika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 85. Kukakhala zochitika ku mHub kapena msonkhano wa ICTAM, bungwe la akatswiri a zamakompyuta m'Malawi, kwerani minibasi m'mawa, madzulo mwabwerera. Koma musapite chimanjamanja kukapempha ntchito. Pitani ndi foni yokhala ndi chinthu choonetsa.

Box48
Thiransipoti yake mupereka ndinu?

Kampepuza01
Ndilowererepo ngati munthu wopanda digiri. Ndili ndi MSCE yokha. Ndinaphunzira pa freeCodeCamp ndi CS50 ya Harvard, zonse zaulere, ndikukopera mavidiyo usiku bandulo ikatchipa. Pano ndimapangira mawebusayiti ndi timasistimu ta sitoko ma shopu a pa Ntcheu boma ndi ku Balaka, komanso kampani ina yaing'ono ya ku Blantyre imandipatsa ntchito za backend, mbali ya pulogalamu yomwe imagwira pa seva. Palibe anandifunsapo pepala. Ndiye a Mbatatesi, digiriyo isakupusitseni kuti ntchito ikuyenera kukupezani.

Mphunzitsi_Mayani
Mwana wanga Kampepuza01, ndakondwa kuti zikukuyenderani, koma musawauze ana kuti pepala n'lachabe. Ndimaphunzitsa kompyuta ku sekondale ndipo ana anga ena ali pagulu pano. Ntchito za boma, za m'mabanki ndi za mabungwe akuluakulu zimalemba poyera kuti digiri, ndipo amene amasankha koyamba nthawi zambiri si katswiri wa code. Alibe nthawi yotsegula GitHub, amaona ngati mapepala akwanira. Inu khomo limenelo simungalowe pakadali pano, a Mbatatesi angalowe. Aliyense agogode pomwe pangamutsegukire.

Kampepuza01
Zoona aphunzitsi, sindikutsutsa. Koma ine ndakonzapo masistimu osiyidwa ndi anthu a madigiri, zomwe ndinapezamo sindingazinene pagulu.

Mphunzitsi_Mayani
Ndipo a madigiri nawo akonzapo za anthu odziphunzitsa okha, funsani a MkuluWaSeva. Database yopanda ndondomeko, dzina la kasitomala mmodzi lolembedwa m'matebulo anayi. Zimenezo kusukulu amaphunzitsa chaka chachiwiri.

Achemwali_HR
Poti aphunzitsi atitchula ife osankha koyamba, ndiyankhepo. Ndine wa ku Ntcheu konkuno, ndimagwira za olembedwa ntchito ku bungwe lina. Zoona, code sindiidziwa. Ndimakhala ndi chikalata cholengeza ntchito kumanzere, CV yanu kumanja. Chikalata chikati Laravel ndi PostgreSQL, inu mwabisa Laravel pa tsamba lachinayi pansi pa sukulu ya pulayimale, sindiipeza. CV imodzi yotumiza paliponse ndiyo ikukupwetekani ambiri a inu. Isintheni pa ntchito iliyonse, zomwe afunsa zikhale pamwamba.

Masamba awiri akwana. Tumizani PDF, chifukwa Word ikatsegulidwa pa kompyuta ina mizere imabalalika. Faeloyo ikhale ndi dzina lanu, osati "CV new new 2". Imelo yanu ikhale yoti ndingaiwerenge mokweza pamaso pa abwana osachita manyazi. Ndipo tsamba loyamba lisathere pa mudzi, mfumu yaikulu, mpingo, mtundu ndi zoti simunakwatire. Ma referee auzeni kuti mwawalemba. Zimachititsa chisoni kuimbira munthu n'kumva akuti ameneyo ndi ndani.

Mwa zomwe akatswiri amandidandaulira tikatuluka mu intaviyu, chachikulu ndi mndandanda wa zilankhulo. Munthu walemba C++, Python, Java, Go, Rust, Kotlin, zonse akuti amazidziwa bwino. Zili ngati thumba la mbatatesi la pa Tsangano turn-off, zikuluzikulu pamwamba, koma wogula wozolowera amapisa dzanja mpaka pansi. Amasankha chomwe mwalemba kumapeto n'kukufunsani chimenecho. Lembani zitatu zomwe mungaziteteze.

Golomoti_Boy
Koma mudzi ndi T/A musatichotsere mayi. Bwana akakhala wakwathu adziwa bwanji? 😂

Achemwali_HR
Akakhala wa kwina?

Chongoni_Coder
Kunena za mbatatesi, pa Bembeke chidebe chili pa zingati pano? Ndikudutsa Loweruka.

Mbatatesi_Dev
Zimatengera mwafika ndi galimoto yotani akulu. Mukatsika mu yoyera ya bungwe mtengo ndi wina.

Box48
Loweruka ndiye bwerani pa Dedza Stadium mudzaone Dynamos, zinazi n'zotaya nthawi.

Golomoti_Boy
Kuzizira kwa pa boma paja ine ayi. Kwathu kuno kunsi kwa phiri tikuyenda ndi malaya okha, inu mukulemba code mutavala magolovesi.

AdminWaGulu
Mabwana, za mpira ndi mitengo zili ndi malo ake. Mnzathu wafunsa za ntchito.

Wazaumoyo_Kasina
Ine si wa makompyuta, ndine mlangizi wa zaumoyo, ndinalowa pagulu pano chifukwa cha mng'ono wanga. Koma ndikuona ngati mukudumpha mbali ina. Ife masiku ano malipoti ambiri a m'midzi timalowetsa pa foni kapena tabuleti, ndipo akabwera anyamata oona za masistimuwa, wabwino timamudziwa msanga. Amakhala nafe pa sikelo ya ana, n'kuona kuti ndili ndi mzere wa amayi, dzuwa likuwala pa sikirini, batire latsala pang'ono. Winayo amangofunsa ngati tadina batani loyenera. Ngati mukufuna ntchito za m'mabungwe a zaumoyo, dziwani momwe chipatala chaching'ono chimayendera.

MkuluWaSeva
Awa anena chinthu chachikulu. M'dziko muno ntchito zambiri za mapulogalamu zili ku zaumoyo, koma ana amathamangira zomwe zikutchuka ku America. Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsa malipoti ake pa DHIS2, yomwe imapangidwa motsogozedwa ndi University of Oslo ku Norway. Ndi yaulere, code yake ili poyera, ali ndi maphunziro oyambira a pa intaneti osalipira, komanso seva yoyeserera yokhala ndi chitsanzo cha Sierra Leone yomwe mungaseweretse API yake (khomo lomwe mapulogalamu ena amakokera deta) mmene mungafunire. Palinso OpenMRS, yosunga mbiri za odwala, yomwe inayamba mu 2004 ndipo a Partners In Health akhala akuigwiritsa ntchito ku Neno. Masikirini ogwira ndi chala omwe munawaona m'zipatala za ma ARV anayambitsa ndi a Baobab Health Trust, ndipo zambiri zinalembedwa ndi Ruby on Rails.

Tsono taganizani. Bungwe lalengeza ntchito, ofunsira onse alemba React, mmodzi yekha walemba kuti anapanga kadashibodi kokoka manambala mu DHIS2, kapena kuti anakonza kabug kakang'ono mu OpenMRS ndipo anthu a kumeneko anakalandira. Pull request, pempho loti zomwe mwakonza zilowe mu code ya eni ake, ikalandiridwa ndi umboni woti munthu wosakudziwani anawerenga code yanu, anakudzudzulani, munakonza, n'kuvomera. Satifiketi ya pa intaneti siinena zimenezo. OpenMRS imatenganso nawo mbali pa Google Summer of Code, pulogalamu ya Google yothandiza oyamba kumene kugwira ntchito pa mapulojekiti a code yapoyera, ndipo kuyambira 2022 pulogalamu imeneyo sifunanso kuti ukhale pa sukulu, bola zaka 18 ndi kukhala woyamba kumene. A Kampepuza01, imeneyo ndi yanunso.

Kampepuza01
Imeneyo sindimaidziwa. Ndiyang'ana usiku uno.

Achemwali_HR
Chenjezo limodzi pa zaumoyo ndi za banki m'khonde zomwe. Musaike maina enieni a anthu, manambala a foni kapena ngongole zawo pa GitHub kapena pa zithunzi za mu portfolio. Tili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024, lomwe ikuyang'anira ndi MACRA. Kupatula lamulolo, munthu akationetsa pa intaviyu deta yeniyeni ya komwe ankagwira kale, timadziwa kuti yathunso adzakaionetsa kwina. Pekani maina abodza oonetsera.

Chongoni_Coder
Funso langa ndi la AI. Masiku ano ChatGPT ikulemba kapulogalamu konse mphindi zochepa. Ndiye portfolio ikutanthauzanso chiyani? Aliyense angadzaze GitHub sabata imodzi.

Box48
Ndipo posachedwa ma junior sadzafunikanso. Kalimeni kabichi.

NaNgozo_Lizulu
Ine ndimaigwiritsa ntchito tsiku lililonse, ndipo kuntchito kwathu palibe amabisa. Koma taipempheni ikulembereni zolandira malipiro a Airtel Money kapena Mpamba kudzera pa gateway ngati PayChangu. Ikupatsani code yooneka bwino. Funso ndi lakuti uthenga wotsimikiza malipiro ukabwera kawiri, kasitomala alembedwa kuti walipira kawiri? Nanga munthu akadina, ndalama n'kuchoka, netiweki n'kuduka uthenga usanafike, oda yake ili pati? Nanga wina akalemba nambala yake kuyamba ndi 099, wina +265, wina ndi mipata pakati, sistimu idziwa kuti ndi munthu mmodzi? Ukaifunsa imayankha, koma uyenera kudziwa wekha kuti pali funso. Amene sanakhalepo ndi kasitomala wolusa sadziwa.

MkuluWaSeva
N'chifukwa chake ife tinasintha kafunsidwe. Timatsegula pulojekiti ya munthuyo, n'kumuuza kuti wonjezerapo kanthu kakang'ono tikuona, AI gwiritsa ntchito ngati ukufuna. Amene analemba yekha, kapena amene anawerenga n'kumvetsa zomwe makina anamulembera, amapita molunjika pa faelo yoyenera. Winayo amayendayenda m'mafoda ake omwe ngati mlendo. Ndipo wonena kuti apa sindikudziwa, koma ndikanayamba kufufuza chonchi, amapeza malikisi ambiri kuposa wolimbikira bodza.

Makalata ofunsira ntchito ndiye asanduka amapasa. Onse ndime zofanana, mawu akuluakulu a Chingerezi, palibe chiganizo chosonyeza kuti munthu anatsegulapo webusayiti yathu. Mnyamata wina analemba mizere yochepa chabe, kuti ndinayesa fomu yanu yolembetsera pa foni yanga, batani lotumizira limabisika kiyibodi ikatuluka, nayi njira yomwe ndingakonzere. Tinamuitana mawa lake.

Mphunzitsi_Mayani
Koma samalani ndi kalankhulidwe pochita zimenezo. Mabwana ena akwathu kuno mukawaonetsa cholakwika musanalowe n'komwe, aona ngati mwano.

MkuluWaSeva
Zoona aphunzitsi. Mwaulemu, ndipo zikhale za maonekedwe. Osakayesa kuthyola chitetezo cha sistimu ya eni ake kuti muwagometse, imeneyo ndi milandu pansi pa lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security.

Kampepuza01
Ndichenjezeko pa ntchito zoyesera zomwe amapereka kuti ukachitire kunyumba. Kampani ina inandipatsa "mayeso" oti ndipange sistimu yonse ya malipiro a antchito, ndi malipoti omwe, sabata imodzi. Nditatumiza anangoti zii. Mayeso enieni ndi a madzulo amodzi kapena awiri. Akapitirira pamenepo, onetsani pa sikirini yanu kapena pa vidiyo, code musapereke.

Achemwali_HR
Ndipo aliyense wokuuzani kuti tumizani ndalama pa foni kuti dzina lanu lilowe pa mndandanda wa intaviyu ndi wakuba. Bungwe lenileni silipempha ngakhale K1,000.

Tsangano_Remote
Ndachedwa kulowa, magetsi kunalibe. Palibe watchula ntchito za kunja. Ine ndimagwirira kampani ya ku Ulaya ndili kuno. Nthawi yathu imasiyana ndi ya Germany ndi ola limodzi lokha, miyezi ina sisiyana n'komwe, ndiye misonkhano siivuta. Koma kumeneko mukupikisana ndi a ku Lagos, Nairobi ndi India, ndipo dzina la sukulu yanu salidziwa. Chomwe amaona ndi code ndi kalembedwe kanu ka Chingerezi, chifukwa ntchito yambiri imayenda polemberana. Uthenga womveka wonena kuti ndachita izi, ndakanika apa, ndayesa izi ndi izi, ndi luso lomwe ambiri alibe. Funso lomwe sanalephere kundifunsa ndi la magetsi ndi intaneti. Khalani ndi yankho lenileni: sola, batire, ma SIM a makampani awiri. Starlink inafika m'dziko muno mu 2023, koma kwa woyamba kumene mtengo wake ndi wolemetsa, pokhapokha mutasonkherana angapo.

Box48
Sola, batire, laputopu yabwino, hosting ya madola. Kwacha inagwa ndi 44% mu Novembala 2023, zonsezi zinakwera. Mukulangiza mwana wa ku Bembeke kapena wa ku Area 43?

Tsangano_Remote
Apa ndiye mwanena zoona, sinditsutsa. Za kunja zisakhale poyambira.

NaNgozo_Lizulu
Koma hosting isakhale chowiringula. GitHub Pages, Netlify ndi Vercel zili ndi gawo laulere la frontend, mbali yomwe munthu amaona pa sikirini. Render ili nalo la backend, kungoti imagona pakapanda woigwiritsa ntchito, ndiye lembani mu README kuti idikireni pang'ono idzuke. Ya Android ikani APK, faelo yoikira pulogalamu pa foni, pa GitHub pomwepo. Zikavuta zonse jambulani vidiyo ya mphindi 2 yoonetsa chinthucho chikugwira, ikani link pa CV.

Mbatatesi_Dev
Ndawerenga zonse, zikomo akuluakulu. Azakhali anga ali ndi shopu ya mbewu, feteleza ndi mankhwala a mbatatesi ndi tomato pa trading pano. Alimi ambiri amatenga pa ngongole n'kudzabweza akakolola, zonse zili m'makope atatu ndipo ena amakana kuti sanatenge. Ndikuganiza zoyambira pamenepo. Ndipange ya pa foni ndi Flutter, ya pa webu, kapena USSD (yodina manambala ngati ya Mpamba) kuti alimi aziona okha ngongole zawo?

Kampepuza01
USSD iwalani kaye. Nambala yake imafuna mgwirizano ndi makampani a mafoni kapena kampani yapakati, ndi ndalama mwezi ndi mwezi. Ya pa webu ndi Laravel yomwe mukuidziwa kale.

NaNgozo_Lizulu
Ya pa webu netiweki ikathawa azakhali abwerera ku kope, ndipo akabwerera kawiri sadzaitsegulanso. Flutter ndi SQLite. Mlimi alandire SMS wamba yochokera pa foni ya azakhali yomweyo, yonena zomwe watenga ndi tsiku, ndi umboni wokwanira.

Kampepuza01
Ndiye aphunzire Dart, chilankhulo cha Flutter, kuyambira pachiyambi pomwe akufuna ntchito ya Laravel? PWA, webusayiti yogwira ngati pulogalamu ya pa foni, imagwiranso popanda netiweki.

NaNgozo_Lizulu
Pa itel ya azakhali yodzaza ndi mavidiyo a kwaya? Browser ikafufuta zosungidwa mudzakawafotokozera ndinu.

MkuluWaSeva
Zonse ziwiri zingatheke, ndipo chifukwa chomwe musankhire imodzi mudzachilembe mu README, ndi chimene ndidzakufunseni. Musanasankhe, khalani mu shopumo masiku a msika, muone kuti amalemba ndani, foni ndi ya ndani, ndipo mlimi akabweza theka ndi mbatatesi m'malo mwa ndalama amalemba bwanji. Mukafika pa commit ya nambala 20 ikani link pano, ine ndi achemwali a ku Lizulu tiiwerenga. Sitidzakunyengererani.

Box48
Ndipo akamaliza zonsezo ntchito n'kupatsidwa mwana wa abwana, mudzandipeza pompano.

Kampepuza01
Pepani admin, kunja kwa mutu pang'ono. Alipo ali ndi chaja ya HP ya pini yabuluu pa Ntcheu boma? Yanga yapsa ndipo ndili ndi ntchito yopereka Lolemba.

Golomoti_Boy
Ndili nayo koma ili ku Golomoti. Tumizani ya kabaza.